Dzina Likaipa ku CRB, Timabwelela Bwanji ku Banki?

Pali zilembo zitatu zimene timazikamba monong'ona monga dzina la matenda: CRB. Tikamva kuti "uja ali pa CRB", timadziwa kuti banki iliyonse yamutsekela chitseko. Ambili a ife tinagwela mmenemo mu 2020 na 2021, pamene Covid inatseka mabala, malo ogona alendo na masukulu. Malipilo anaima koma loni sinaime. Panapita miyezi itatu, inayi, mafoni a ku banki anachuluka, ndipo pothela pake credit card imene tinali kunyadila inakana kusebenza pa till. Manje ena a ife tapeza nchito, ena tili na tumabizinesi, ndipo tifunsana ngati banki ingatikhulupililenso. Ingatelo, koma njila yake imapita pa chitseko chomwe chija chimene tinali kuchizemba.

Tiyambe tadziwa chinthu chimene tiopa. CRB ni kampani yosunga mbili ya nkhongole. Kuno kwathu yodziwika ni TransUnion, ndipo nchito iyi imayang'anilidwa na Bank of Zambia pansi pa lamulo la Credit Reporting Act la 2018. Mabanki na makampani a tumaloni amatumiza kumeneko zabwino na zoipa zomwe: tinakongola zingati, tinalipila liti, tinachedwa masiku angati. Ngakhale munthu wolipila bwino ali pa CRB, kungoti tsamba lake ni loyela. Amene amakana kapena kuvomela pempho lathu ni banki, ikaŵelenga tsambalo.

Ndiye mabuku ni aŵili. Pali buku la ku CRB limene wokongoletsa aliyense angalione, ndiponso pali buku la mkati mwa banki imene inataya ndalama pa ife. Lachiŵili ili siliiŵala msanga. Tingamalize kulipila, tsamba la ku CRB n'kuonetsa kuti tamaliza, koma banki ija n'kukanabe kutipatsa khadi. Izi zimaŵaŵa, koma sindiye kuti mabanki onse a mu Cairo Road atikana. Banki ina imayang'ana mbili yonse, makamaka za miyezi yaposachedwa.

Poyambila ni kuona tsamba lathu na maso athu. Lamulo limatipatsa ufulu wopempha lipoti yathu na nambala ya reji, komanso wodandaula ngati muli zolakwika. Zimachitika kuti loni imene inatha kale ioneka monga ikali kuyenda chifukwa wokongoletsa sanatumize uthenga watsopano. Munthu amene sanaonepo lipoti yake angakhale zaka aopa nkhongole imene kulibe, kapena osadziŵa kuti kaloni ka pa foni ka K300 ndiko kamene kamuipitsila dzina.

Chovuta maningi ni kuloŵa mu banki na kukhala pansi na anthu amene tinali kuwadulila foni. Akulu anati mlandu suwola, ndipo nkhongole imachita kuposa apo chifukwa imabala chiwongola dzanja usiku na usana. Koma banki nayo ifuna ndalama zake kuposa kutituma mabelifi. Nthawi zambili imavomela kugaŵa nkhongoleyo m'tuzigawo tumene tingakwanitse. Chilichonse chimene tagwilizana chilembedwe. Tikamaliza, tisachoke popanda kalata yoonetsa kuti nkhongole yatha, ndipo pakapita nthawi tikaonenso lipoti kuti titsimikize kuti asintha.

Tikamva manyazi, tikumbukile kuti dziko lathu lenileni linapitamo. Mu November 2020 Zambia inalephela kulipila madola 42.5 miliyoni a chiwongola dzanja cha Eurobond, ndipo amene amakongoletsa maiko anatitsekela zitseko. Boma silikanasintha nambala ya foni. Linakhala pa tebulo, mu June 2023 ku Paris linagwilizana na maiko amene linakongolako madola 6.3 biliyoni, ndipo a ma Eurobond anavomela mu 2024. Zinatenga zaka zopitilila zitatu. Ngati dziko lonse linayembekeza chonchi, ife tisadabwe kuti dzina lathu silinayele pa mwezi umodzi.

Njila zachidule zilipo, ndipo zonse zimatibweza kumbuyo. Pa Facebook na WhatsApp pali anthu olonjeza kuti adzachotsa dzina pa CRB tikawatumizila kenakake pa mobile money. Uthenga umasinthidwa na amene anautumiza, kutanthauza wokongoletsa, ndiye ndalama yopatsa munthu wa pa foni ni yotaya. Kugula SIM yatsopano nakonso sikuthandiza chifukwa nkhongole imamangidwa pa reji. Ndiyeno pali kaloba. Wa kaloba safunsa za CRB, n'chifukwa chake timathamangila kwa iye. Koma akatipatsa K1,000 n'kufuna K1,500 pakutha kwa mwezi, atagwila khadi yathu ya ATM m'thumba mwake, tafukula dzenje lina kuti tikwilile loyamba. Ngakhale timulipile mokhulupilika chaka chonse, palibe banki imene idzamva za ubwino wathu umenewo.

Chimene chimayeletsa dzina ni mbili yatsopano, yolembedwa pang'onopang'ono. Malipilo kapena ndalama za bizinesi zizipita mu akaunti imodzi kuti sitetimenti ikambe zoona za ife. Amene timagulitsa salaula kapena mafoni ku City Market, tiziika ndalama ku banki ngakhale zichepe, chifukwa ya m'thumba banki siiona. Chilimba na village banking sizilembedwa ku CRB, koma ulendo wathu ukafika ndalamayo ingatseke nkhongole yakale kamodzi. Pambuyo pake kaloni kang'ono kochokela kwa wokongoletsa wovomelezeka, kolipilidwa tsiku lake lisanakwane, kamaika mzele wabwino pansi pa mizele yoipa. Tisathamange kupempha ku mabanki asanu m'sabata imodzi, pakuti aliyense wofufuza dzina lathu amasiya chizindikilo, ndipo timaoneka monga munthu amene madzi amufika m'khosi.

Tsiku limene adzavomela, mwina adzatipatsa malile ang'ono kuposa akale. Tisakhumudwe, malile ang'ono ni osavuta kuwasamala. Khadi iyi imasebenza bwino kwa munthu amene amalipila zonse zimene wagula tsiku loikika lisanapite. Kulipila kochepa kuja kumene amalemba pa sitetimenti kumaoneka kopepuka, koma zotsalazo zimabala chiwongola dzanja mwezi na mwezi. Kutapa ndalama pa ATM na credit card n'kodula kwambili, chifukwa nthawi zambili chiwongola dzanja chimayamba tsiku lomwelo.

Ena mwa ife tikafika apa tidzapeza kuti khadiyo sitiifunanso, ndipo palibe vuto. Kugula pa intaneti kapena kulipila ku Manda Hill, khadi ya masiku onse ya ku banki imakwanitsa. Chimene tivutikila ni tsiku lija pamene tidzafuna loni ya puloti ku Chongwe, ya galimoto ya bizinesi, kapena ya sukulu ya mwana, munthu wa pa desiki n'kulemba nambala ya reji yathu mu kompyuta. Zimene adzaona pa tsikulo tiyamba kuzilemba mwezi uno, na ndalama yoyamba imene tidzapeleka pa nkhongole yakale.