Mtengo wa Gitala

Mau akuti mtengo m'chinenero chathu amanena zinthu ziŵiri: ndalama zimene timapereka pogula chinthu, ndiponso chomera cha m'nkhalango chimene timachekako matabwa. Munthu wofuna kugula gitala wabwino ayenera kusunga matanthauzo onse aŵiri, pakuti ambiri a ife timangoganiza za loyambalo, ndipo timayesa kuti tikapereka ndalama zambiri tagula chinthu chosaonongeka.

Ndidaziona zimenezi pa parishi ina kuno kunyanja. Akwaya adasonkha chaka chathunthu, wina za usipa, wina za mpunga, nakagula gitala wokwera mtengo ku Lilongwe. Dzinja lisanathe nsambo zidatalikirana ndi khosi la gitala, kotero kuti zala za woimba zinkaŵaŵa. Pofika Okutobala kumaso kwake kudaoneka mng'alu wonga tsitsi. Manong'onong'o adayamba akuti mkulu wa kwaya adadya ndalama nagula wachinyengo. Bambo uja sadabe kanthu. Gitalayo adali weniweni ndithu, ndipo nchifukwa chake adang'aluka.

Gitala wotchipa amapangidwa ndi pulaiwudi, timatabwa tomatidwa mopingasana, ndipo sasamala kwenikweni za nyengo. Wokwera mtengo kumaso kwake amaikako thabwa lenileni, kaŵirikaŵiri la spruce, mtengo wa ku maiko ozizira, lopalidwa mpaka litapyapyala ngati mamilimita 3 okha. Kupyapyalako ndiko kumampatsa mau okoma amene timalipira. Tsono nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zimakoka thabwa limeneli usana ndi usiku ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, ndiko kunena thumba la chimanga ndi lina losafika theka. Kampani ya Martin ya ku America, imene idayamba m'chaka cha 1833, imalangiza kuti gitala azikhala pamalo pamene chinyezi cha mumpweya chili pakati pa magawo 45 ndi 55 pa 100 alionse. Nanga ku Senga Bay? Mu Febuluwale mpweya umakhuta madzi ndipo thabwa limafufuma. M'chilimwe limauma ndi kukhwinyata, guluu nayenso nkumafeŵa ndi kutentha kwa pansi pa malata.

Sindikunena kuti wogula angolandira chilichonse, iai. Pali zina zimene ndalama zanu ziyenera kukugulirani, ndipo wogulitsa asakunyengeni kuti nzazing'ono. Yang'anani khosi kuchokera kumutu monga mmisiri wa bwato amayang'anira ngati thabwa laongoka. Kathabwa kogwira nsambo kakhale komatika bwino, kotero kuti ngakhale pepala lisaloŵe pansi pake. Timizere tachitsulo ta pakhosi tisabaye chala m'mbali. Dinani nsambo iliyonse pa kamzere ka 12: liu lake likhale lomwe lija la nsambo yosadina, kungoti lokwera, likasiyana, gitalayo adzasokoneza kwaya masiku onse. Ndipo unikani ndi tochi m'kati, muone ngati nthiti zake zili zosalala ndi zomatidwa mwaukhondo, pakuti mmisiri waulesi amabisa ulesi wake kumene diso silifika. Vanishi wonyezimira ndiye asakukopeni konse. Akulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu.

Chimandiseketsa nchakuti m'mbali ndi kumsana kwa magitala ambiri ochokera kunja muli thabwa la mtundu wa mbaŵa, mtengo womwe timaudziŵa m'mphepete mwa mitsinje yathu. Limatifika litavala dzina lachilendo.

Kwa kwaya imene gitala wake amayenda pa njinga kupita kumatchalitchi akumidzi, nasungidwa m'chipinda chamalata, ine ndimati gulani wa pulaiwudi wopangidwa bwino, monga ena a mtundu wa FG amene Yamaha idayamba kupanga m'chaka cha 1966, ndipo zotsala mugulire nsambo zapadera, popeza kuno zimachita dzimbiri msanga. Wokwera mtengoyo ngwoyenera munthu amene adzamsunga m'bokosi lake, m'chipinda cham'kati kutali ndi zenera, nadzakumbukira kumasulako nsambo pang'ono akadziŵa kuti papita miyezi osamuimba.