Ku Chikwa mowa ukalamba m'masiku atatu

CHIKWA — Mlendo wocokera ku Lundazi akapatuka pa mseu wa ku Chama ndi kutsikira kumadzulo, aona dziko lirikusintha pang'onopang'ono. Zitunda zitsalira kumbuyo, mitengo ya tsanya ndi milambe iyamba kuoneka, ndipo kutentha kumuuza kuti walowa m'cigwa ca Luangwa. Ili ndilo dziko la Mfumu Chikwa, mmodzi wa mafumu a Asenga m'boma la Chama, limene linaikidwa m'cigawo ca Muchinga mu 2011 ndi kubwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa mu 2021.

Anthu a kuno alima mpunga, mapira, cimanga ndi thonje. Popeza minda yao iri m'dera la nyama la Musalangu, asanakolole alimbana ndi njovu usiku, mbalame usana, ndi madzi osefukira m'dzinja. Cifukwa cace mai amene atapa mapira m'nkhokwe kuti afulule mowa sacita masewera. Mowawo ndi wa dima, wa ukwati kapena wa cikumbutso ca malemu. Ukaonongeka, cakudya ca banja capita pacabe, ndipo olima abwerera kwao munda usanathe.

Nchito iyamba ndi cimera. Mapira kapena mawere aviikidwa m'madzi, afunditsidwa kufikira atamera, kenaka ayanikidwa ndi kusinjidwa. Phala liphikidwa, lisiyidwa kuti lisase pang'ono, liphikidwanso, ndipo likazizira athiramo cimeraco. Poyamba likhala thobwa lotsekemera limene ngakhale ana amwa. Mphamvu ibwera pambuyo pace, mtsuko ukayamba kuwira wokha popanda moto.

Tsiku lakumwa, mwini mowa ayamba walawa pamaso pa onse kusonyeza kuti mulibe coipa, kenaka agwada ndi kupereka cipanda kwa mkulu. Mkuluyo sathamangira kumeza. Ayang'ana thovu ngati lirikukwerabe, achera khutu kumva ngati mtsuko ulikulira, anunkhiza, ndipo pamenepo amwa pang'ono nasunga m'kamwa. Mowa wosapsa utsekemera ndipo utupitsa mimba. Wakupsa bwino uwawasa pang'ono, uluma lilime, ndipo fungo la cimera limveka. Koma wogonera masiku awiri kapena atatu ukhala cete: thovu latha, madzi ayandama pamwamba, masese akhala pansi, ndipo uwawasa ngati bwemba. M'mwezi wa Okotobala, pamene kutentha m'cigwa kufika madigiri 40, mowa wokoma m'mawa ukhoza kusasa dzuwa lisanalowe.

Luso lotere liriponso kutali ku Ulaya, koma kumeneko awerenga zaka m'malo mwa masiku. Ku Burgundy, m'dziko la France, alima mphesa zakuda za khungu lopyapyala zochedwa pinot noir. Mu 1395 wolamulira wa kumeneko, Philip the Bold, analamula kuti mphesa za mtundu wina, gamay, zizulidwe kuti mbiri ya vinyo wa pinot isaonongeke. Lero mphesa zimenezi zilimidwanso ku South Africa, m'cigwa ca Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus.

Wolawa vinyo wakale acita monga mkulu wa ku Chikwa. Ayamba ndi maso: vinyo watsopano afiira kwambiri, koma wokalamba ayamba kuoneka ngati njerwa yoocha. Pambuyo pace mphuno: fungo la zipatso licepa, ndipo m'malo mwace mumveka fungo longa la bowa ndi dothi limene langolandira mvula. Potsiriza lilime: ngati kukoma kukhalitsa m'kamwa, vinyo wapirira zaka zace, ngati wazirala kapena waluma ngati vinigala, nthawi yace inapita. Mu 2018 ku New York botolo limodzi la Romanée-Conti la caka ca 1945 linagulidwa ndi madola 558,000, liri ndi zaka 73.

Nanga cifukwa ninji vinyo akhala zaka pamene masese sakwanitsa sabata? Vinyo asefedwa atatha kuwira, atsekedwa m'botolo kuti mpweya usalowe, nasungidwa m'cipinda ca pansi cozizira. Ndiponso ukali wace ufika magawo 13 pa 100, pamene wa masese uli pafupifupi 3 kapena 4. Mowa wa masese umwedwa ukali kuwira, m'mtsuko wosatseka. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene tiupatsa mphamvu tikatha shuga, tina tiusandutsa wosasa, ndipo kutentha kutifulumiza. Mdani wa zakumwa ziwirizi ndi mmodzi: mpweya ndi kutentha.

Amai odziwa kufulula ku Chikwa sadikira zaka, koma alemekeza nthawi mofanana ndi alimi a ku Burgundy. Awerenga masiku cobwerera m'mbuyo kucokera pa tsiku la dima, atsuka mbiya bwino, aziika pamthunzi, ndipo afulula wokwanira anthu amene aitanidwa basi. Mkulu akalawa nagwedeza mutu movomereza, makasu alowa m'munda, ndipo mapira amene anacoka m'nkhokwe adzabwerera momwemo pa masika.