Pikapu ikamaimba mluzu pa ulendo wa ku Chiromo

Amene munakaodako nsomba kapena mpunga ku Chiromo mukudziwa kuti ulendo wake si wovalira shati yoyera. Mfumu ya msewu kumeneko ndi matola: kapikapu kodzaza anthu, matumba, nkhuku, njinga pamwamba. Ndipo zambiri mwa galimoto zimenezi zili ndi nyimbo yake. Ikangotha zikhotakhota za phiri la ku Chikwawa n'kufika pa Thabwa, adalaivala n'kuponda mafuta, mumangomva fiii! pa chitseko, kapena wuuu! padenga, mpaka wokhala naye pafupi kumayankhula naye mokuwa ngati mwayambana. Mukafunsa, yankho lake n'limodzi: "Ndi mphepo chabe, mayi." Inde ndi mphepo, koma yalowera pati?

Tiyambe tadziwana ndi malo. Chiromo ili m'boma la Nsanje, pamene mtsinje wa Ruo, wochokera ku phiri la Mulanje, umathira mu Shire. Tsidya la Ruo ndi Mozambique. Chakumpoto kuli dambo lalikulu lija la Elephant Marsh, kwao kwa milamba ndi makakana amene mumagulitsa owamba m'misika ya Limbe ndi Ndirande. Lero mukhoza kupaderera, koma m'zaka za m'ma 1890 pamenepa panali doko lotchuka: sitima zapamadzi zochokera ku Chinde zinkatsitsa katundu apa. Njanji ya Shire Highlands Railway, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inadzeranso pomwepa. Tsoka linagwa mu 1997, madzi osefukira atadula njanji ndi msewu pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo. Kuyambira apo anthu anayamba kuwoloka pa mabwato.

Ndiye njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya phula, M1, kudzera pa Dyeratu, Nchalo ndi Ngabu mpaka pa Bangula, kenaka bwato. Ina ndi ya kum'mawa kwa Shire, imene imapatuka pa Thabwa kudutsa Livunzu, minda ya mpunga ya Nkhate, Masenjere, Fatima, kuloza ku Makhanga. Imeneyi kwa zaka zambiri yadziwika ndi fumbi, mabampu ndi mitsinje yotsika kuchokera ku mapiri a Thyolo, imene mvula ikagwa kumtunda simafunsa kuti mwanyamula chiyani.

Chigwa chimenechi chimadya galimoto mwa njira yake. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Malabala a m'zitseko ndi m'mawindo amapsa ndi dzuwa, amauma, amafota, kenaka n'kung'ambika. Mabampu amagwedeza chitseko mpaka mahinjesi kutha, ndipo anyamata okonda kulendewera pa chitseko chotsegula amamaliza ntchitoyo. Chitseko chikatsika pang'ono pokha, pakona yapamwamba pamatsala kampata. Mluzu umabadwira pamenepo.

Mwina mukuti: ife n'ngageni, galimoto si yathu, zikutikhudza bwanji? Tamverani. Pa matola, amene ali kumbuyo ali ndi belu limodzi basi, kugogoda denga. Dengu la nsomba likagwa, gogogo! Mwana akatsetsereka, gogogo! Tsono ngati kutsogolo kuli chiphokoso cha mphepo, adalaivala amva bwanji? Mudzawaimitsa mutapitirira mtunda, dengu lija ena atatola kale. Phokoso lomwelo limabisanso mawu amene dalaivala wanzeru amayenera kumva msanga, monga tayala limene layamba kuphwa. Komanso munthu woyendetsa maola angapo m'chiphokoso amatopa msanga. Ndipo polowa mphepo ndi pomwe pamalowa fumbi ndi mvula. Inu amene mwalipira zoonjezera kuti mukhale kutsogolo mumatsika nsidze zili mbuu ngati mwachokera ku chigayo.

Ubwino wake ndi wakuti ulendo womwewu ndi umene umaulula matenda, popanda makina a m'galaja.

Pa phula loongoka la pakati pa Nchalo ndi Bangula, pamene palibe anthu kapena ng'ombe, adalaivala aponde kilatchi kamphindi. Injini itsika mawu koma galimoto ikuthamangabe. Phokoso likatsikira limodzi ndi injini, nkhani ndi ya injini kapena ekizozi. Likatsalira, ndiye kuti ndi matayala, beringi kapena mphepo. La matayala limasintha msewu ukasintha. La beringi ndi kung'ung'udza kumene kumakula kapena kuchepa pokhota. La mphepo limakula ndi liwiro, ndipo limadumpha mukapishana ndi thiraki yaikulu kapena mphepo ikaomba cham'mbali. Mvetseraninso mtundu wake. Mluzu wosongoka umatanthauza kabowo kakang'ono. Chiphokoso chokhuthala chimatanthauza mpata waukulu, kapena chinthu china chili padenga. Wokhala kutsogolo atenge kansalu, azikanikiza m'mphepete mwa chitseko ndi windo pang'onopang'ono. Pamene mluzu waleka, pamenepo ndi pamene pali mlandu.

Koma mboni yosanama ndi fumbi la njira ya kum'mawa. Musananyamuke pa Thabwa, pukutani mafelemu a zitseko ndi nsalu yonyowa. Mukafika pa Fatima, anzanu akamagula zokazinga, tsegulani chitseko muone. Pamene labala likugwira bwino, fumbi limathera kunja, mkati utoto uli woyera. Pamene pakudontha mudzapeza kamzere ka fumbi ngati lilime, kolowera mkati. Anthu a m'matauni a kunja amachita kupaka choko kuti aone zimenezi. Ife chigwa chimatipakira chaulere.

Pali njira zinanso zosafuna ndalama. Tsekerani ndalama yapepala pa chitseko, muikoke. Ikalimba, labala lili moyo. Ikatuluka yokha ngati ndalama ya m'thumba la chidakwa, labala latha. Yesani malo angapo kuzungulira chitseko chonse. Kapena matani selotepi yaikulu kunja, malo amodzi pa ulendo umodzi: kaye m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, kenaka pa tsinde la kalilole wam'mbali, kenaka pa kawindo kakumbuyo kotsetsereka. Mukamata zonse nthawi imodzi, mluzu utha koma simudziwa wolakwa. Pa Shire madzi sasowa: wina akhale mkati, wina athire ndowa pang'onopang'ono kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, muone pamene patuluke dontho.

Mukapeza malo, musathamangire kugula. Kawirikawiri labala langodzaza dothi kapena lachoka pa mzere wake. Litsukeni ndi sopo, libwezereni, lipakeni silikoni kapena gilisalini. Oyilo wa injini ndi girizi ayi ndithu: zimafufumitsa labala n'kulivunditsa, kuonjezera apo zimaitana fumbi. Labala la chitseko nthawi zambiri limakhala ndi mphako mkati. Likaphwatalala, lowetsanimo kapaipi kofewa kakang'ono, lidzatukukanso. Pamene lang'ambika pang'ono, kachidutswa ka malegeni ndi guluu kamakufikitsani kunyumba. Koma louma ngati chikwanje cha nsomba, losweka mukalipinda, limenelo n'lofunika lina. Mukafufuze ku Limbe kapena kwa a zipangizo za galimoto ku Ndirande, mutatenga lakalelo kuti mufananitse, chifukwa la Toyota Hilux si la Isuzu KB.

Chitseko chotsika mumachizindikira potere: chitseguleni pang'ono, muchinyamule kumapeto. Chikamasewera m'mwamba ndi pansi, mapini a mahinjesi atha, ndipo labala latsopano lingakhale kutaya ndalama. Chikakhala cholimba, makaniko akhoza kungomasula kachitsulo kokolapo loko, n'kukasunthira mkati pang'ono. Pang'ono, osati mpaka kumachita kumenya chitseko ndi phewa. Galasi lakutsogolo likakhala kuti linasinthidwa mwachinyengo, libwezereni kwa odziwa ntchitoyo. Sopo ndi phula la pamsewu zimene ena amamatira sizipirira dzuwa la ku Ngabu.

Nanga chiwuuu cha padenga chija? Chimenecho kawirikawiri si chitseko konse. Ndi mapaipi amene anawotcherera kumbuyo kwa adalaivala kuti anthu azigwirira ndi kumangirapo katundu. Paipi yotseguka kumapeto imalira ngati mwana akuuzira pakamwa pa botolo. Itsekeni, ngakhale ndi chitsononkho. Paipi yobulungira yopingasa imang'ung'udza mphepo ikamaizungulira. Kulungani chingwe mozungulizazunguliza kuyambira uku mpaka uko, mphepo isokonezeke. Lona womanga mwaulesi nayenso amaomba m'manja njira yonse, ndipo akamatero akung'ambika, nsomba zanu zikudya fumbi. Mangani mbali yakutsogolo kaye, muipinde kulowa pansi pa katundu.

Chenjezo limodzi kwa okonda kumata paliponse: timabowo ta pansi pa chitseko musatitseke. Ndi totulutsira madzi a mvula. Mukatimata, chitseko chisanduka mtsuko, dzimbiri lichite phwando.

Bowo loopsa kwenikweni silikhala m'mwamba. Galimoto za chigwa chino zasambira kokwanira: madzi osefukira a mu January 2015, namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023, osawerengera mitsinje ya chaka ndi chaka. Matope akakhalitsa pansi pa kapeti, chitsulo chimadyeka mpaka kubooka. Bowo limeneli phokoso lake n'lochepa, koma ngati ekizozi nayo yabooka pansi pa mipando, utsi umalowera pomwepo, ndipo muli mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha. Mutu kuwawa, chizungulire, tulo tosadziwika bwino: anthu amanamizira dzuwa la ku Nsanje. Mukamva zotero kutsogolo, tsitsani mawindo, auzeni adalaivala aime, nonse mutuluke. Kenaka tukulani kapeti. Mukaona msewu ukudutsa pansi pa mapazi anu, katoni sathandiza. Pafunika wowotcherera, ndipo ayambire ekizoziyo.