Makina a bambo anga ndi buku la Gandhi

Bambo anga anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ina m'tauni yathu yaing'ono, tepi yoyezera ili m'khosi, mapazi ali pa chopalasira cha makina awo a Singer. Nyengo ya Khirisimasi komanso sukulu zikamatsegulira, ankafika kunyumba kutada, miyendo itatupa. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera pa makina amenewo. Kenaka, m'zaka za m'ma 1990, mabelo a kaunjika anadzaza msika. Malaya osokasoka ochokera kunja anayamba kutchipa kuposa nsalu yosadula. Chakudza sichiimba ng'oma. Bambo anasiya kudula masuti ndi madiresi, natsala ndi ntchito yopinda mathalauza a kaunjika ndi kuika zigamba. Sankadandaula pamaso pathu, koma masana ambiri ndinkawapeza akungopukuta makina ndi kansanza.

Ndayamba ndi nkhaniyi, aphunzitsi anzanga, kuti mudziwe maso amene ndinawerengera buku la Mohandas Gandhi lotchedwa Hind Swaraj. Ndinaliwerenga ngati mwana wa telala, ndipo poyamba ndinavomereza zonse.

Gandhi anakhala ku South Africa kuyambira 1893 mpaka 1914. Bukuli analilemba mu Novembala 1909, m'masiku khumi okha, ali m'sitima ya pamadzi yotchedwa Kildonan Castle pobwerera kuchokera ku London. Dzanja lamanja litatopa, anapitiriza ndi lamanzere. Linayamba kutuluka m'nyuzipepala yake ya Indian Opinion, imene inkasindikizidwa ku Phoenix, pafupi ndi Durban. Mu 1910 boma la atsamunda ku Bombay linaliletsa, ndipo iye analimasulira yekha m'Chingerezi.

Mfundo yake inali yolimba kwambiri. Anzake ambiri ankati mdani wa India ndi Mngerezi. Gandhi anati mdani weniweni ndi moyo wamakono umene Mngereziyo anabweretsa, moyo woyesa munthu ndi kuchuluka kwa zinthu zimene wagula. Kwa iye, kuthamangitsa Angerezi n'kusunga mafakitale awo, makhoti awo ndi zilakolako zawo kunali kusintha nkhope ya wolamula basi. Anadzudzula njanji kuti imafalitsa miliri ndiponso imanyamula chakudya kupita kumene kuli mtengo wokwera, m'midzi n'kutsala njala. Anadzudzula maloya, iye mwini ali loya, kuti amadya pa mikangano ya anthu. Anadzudzula madokotala kuti mankhwala awo amachititsa munthu kubwereza khalidwe lomwe linamudwalitsa. Ndipo anati nsalu za m'mafakitale a ku Manchester ndizo zinasaukitsa owomba nsalu a ku India. Nditafika pa za Manchester ndinaima kaye, ndinaona bambo ndi kansanza kawo.

Koma ndikuuzeni zoona: sindingamutsatire Gandhi mpaka kumapeto. Mwana wanga woyamba anakomoka ndi malungo usiku wina ali ndi zaka ziwiri. Chinamupulumutsa ndi galimoto ya mnansi wathu, msewu wa tala, ndi jekeseni wopangidwa m'fakitale ya dziko limene sindinafikeko. Usiku umenewo sindinakumbuke buku la wina aliyense. Nanunso phunziro lino mukuliwerengera pa foni, kapena pa pepala limene lawoloka malire pa basi. Tikanatsatira Hind Swaraj liwu ndi liwu, ine ndi inu sitikanakumana. Ngakhale Jawaharlal Nehru, amene Gandhi ankamukonda ngati mwana wake, anamulembera kalata mu 1945 kukana zoti India womasuka amangidwe pa maloto a moyo wa kumudzi.

Nanga bwanji ndikukupemphanibe kuti mumudziwe munthu ameneyu? Chifukwa cha zimene ndinapeza pambuyo pake. Mu 1924, atafunsidwa ngati amadana ndi makina onse, Gandhi anapatulapo ena, ndipo amene anawatchula ndi dzina ndi makina osokera a Singer. Anawayamikira chifukwa amapeputsa ntchito ya munthu m'nyumba mwake osamulanda ntchitoyo. Ndinaseka ndekha. Makina a bambo anga, amene ine ndinkawaona ngati chotsalira cha kale, nawonso anabwera pa sitima kuchokera ku fakitale yakunja, ndipo m'masiku awo anachotsa singano m'manja mwa ena. Apa m'pamene ndinamvetsa funso limene lili pansi pa ukali wonse wa bukuli: chinthu chatsopanochi chikupeputsa katundu wa yani, nanga chikumulanda nsima ndani? Mayankho a Gandhi mungawakane, monga ndawakanira ine ena mwa iwo. Funsolo ndiye silikalamba.

Pali chinanso chimene chikutikhudza ife aphunzitsi a chiyankhulo. Gandhi anaphunzira zamalamulo ku London ndipo Chingerezi ankachidziwa bwino, koma buku lotsutsa moyo wamakonoli analilemba m'Chigujarati, chiyankhulo cha kwawo. Taganizirani za m'makalasi mwathu. Chichewa, kapena Chinyanja monga ena mumachitchulira, timachipatsa nthano, miyambi ndi zilapi. Nkhani za malonda a pakati pa mayiko, mafakitale ndi intaneti timazisiyira Chingerezi kapena Chipwitikizi. Mwana amakula akuganiza kuti chiyankhulo cha amayi ake n'chokumbukira zakale, chosakwanira kufunsa mafunso pa zimene zikumuchitikira lero. Onaninso mawu akuti chitukuko. Amachokera ku kutukula, kunyamula chinthu kuchikweza m'mwamba. Ndani angaimirire n'kunena kuti akukana kutukulidwa? Mawuwo amatseka mtsutso usanayambe, ndipo ndi ntchito yathu kuutsegula.

Hind Swaraj inalembedwa ngati kucheza kwa anthu awiri, Wowerenga ndi Mkonzi, wina akufunsa ndi kutsutsa, wina akuyankha. Ndinabwereka njira imeneyi m'kalasi langa la Fomu 3. Ndinauza ophunzira kuti akhale awiriawiri, asankhe chinthu chimodzi chimene chinabwera m'dera mwawo makolo awo akuona, ndipo alembe zokambirana m'Chichewa, wina achiikire kumbuyo, wina achitsutse. Anasankha kaunjika, njinga zamoto za kabaza, feteleza, ndalama za pa foni. Mnyamata wina analemba mokhudza mtima za chigayo, kuti chinathetsa nyimbo za pamtondo. Mtsikana amene anali naye anamufunsa kuti iye anasinjapo kangati, ndipo anafotokoza zikhatho za agogo ake. Kalasi lonse linaphokosera mpaka belu linalira, ndipo palibe anathawira ku Chingerezi posowa mawu.

Yesani zimenezi sabata ino ndi ophunzira anu. Musawapatse yankho lanu, ndipo musalole kuti wotsutsa zamakono asekedwe ngati wotsalira, kapena wozikonda anenedwe kuti wataya mwambo. Aliyense atchule munthu weniweni amene wapindula ndi amene waluza. Ine ndikafunsidwa, ndimatchula awiri: mwana wanga amene ali moyo, ndi bambo anga, amene makina awo ali pakona m'chipinda changa chochezera, atafunditsidwa chitenje.