Kwa Mwana Wanga wa ku Galaja

Mwana wanga,

 

Amayi ako andiuza kuti anzako akumanena kuti ku galaja kwanuko ndi kumphala, kwa madoda okhaokha, ndipo iwe ukufuna kudziwa ngati uku n'kukunyoza. Mphala inali nyumba yogona anyamata, mtsikana sankalowamo. Wotchula mawuwa mwina akungonena zimene maso ake akuona, poti wamkazi ulipo wekha. Ukamalusa pa liwu lililonse udzatopa mwezi usanathe, ndipo wokuphunzitsa kumasula giyabokosi adzasowa.

Koma uzitchera khutu pa nthawi imene mawuwa akutuluka. Pa tiyi, anthu akuseka, aleke. Mawuwa akatuluka pamene foromani akugawa ntchito, injini n'kupatsidwa kwa mnyamata wobwera dzulo, iwe n'kutumidwa kukagula chipisi pa chiwaya, pamenepo akukutsekera chitseko. Usapite msanga. Funsa mwaulemu kuti, "Nanga ine galimoto yanga ndi iti?"

Amene amandiwawa kwambiri ine ndi mawu okoma aja. Ukadzutsa minibasi imene yawakanika onse, adzakuombera m'manja n'kumati, "Koma iwe ndiwe mwamuna!" Iwo amayesa akukutamanda. Chimene akunena n'chakuti luso ndi la amuna, iwe wangobwereka, ndipo mtsikana wobwera pambuyo pako adzayambanso poyambirira kuwatsimikizira. Uziwayankha ukuseka kuti ndiwe mkazi ndithu, ndipo dzina lili pa satifiketi ya TEVETA ija ndi lako. Bungwe limenelija lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ndipo mayeso ake safunsa ngati wolemba ali ndi ndevu.

Za thupi lako ndi nkhani ina, apa sindikuseka. Wina akayamba kukutchula kabebi, kukamba za m'chiuno mwako ukawerama pa boneti, kapena kukugwira ovolosi ati ndi macheza, chimenecho ndi chipongwe, ndipo Malawi ali ndi lamulo. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa khalidweli, chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Muuze mwini wakeyo kamodzi, pamaso pa anthu, kuti sukufuna. Akabwereza, lemba tsiku, mawu ake enieni ndi amene analipo, upite nazo kwa mwini galaja. Iyeyo akazinyalanyaza, kuli Victim Support Unit ku polisi, kulinso Malawi Human Rights Commission, yomwe lamuloli linaipatsa udindo woona kuti likutsatidwa.

Ena adzakuuza kuti ukufuna kuchotsetsa bambo wa ana ntchito. Pakamwa pake ndi pamene pamuchotsa.

Ntchitoyo usaisiye chifukwa cha pakamwa pa anthu. Zikavuta undiimbire ineyo usanauze amayi ako, paja iwo sachedwa kunena kuti ubwerere kumudzi.

Ndine,
Azakhali ako