Wobereka abwerere m'kalasi

M'badwo wathu waona kusintha kumene sikutchulidwa kawirikawiri. Kale mtsikana akatenga pathupi ali pasukulu ankachotsedwa osadzabwereranso, pamene mnyamata wochimwitsayo nthawi zambiri ankapitiriza maphunziro. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana wotere azibwerera m'kalasi akabereka. Chaka chotsatira boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ophunzira anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo avomere. Mwa zonsezi, ine ndimaona kuti ganizo la 1993 ndilo lozama, chifukwa linavomereza kuti tsogolo la mwana wamkazi lisathere pa mimba imene sanaitenge yekha.

Ena amati kulandira nakubala m'kalasi kumalimbikitsa anzake kuchita zomwezo. Koma zaka zonse zija atsikana ankathamangitsidwa, mimba sizinathe. Chimene chinkatha ndi sukulu yokha, ndipo wothamangitsidwayo ankangokankhidwira kubanja. Enanso amati kuphunzitsa mtsikana n'kulemeretsa kwa eni, poti adzakwatiwa. Mawuwa ndi odabwitsa akamatuluka pakamwa pa Achewa, Amang'anja kapena Alomwe, kumene mwamuna ndiye amapita kuchikamwini ndipo ana amakhala a mbumba ya mayi. Mwa mwambo wathu womwe, mtsikana ndiye wotsala pamudzi. Kumumana sukulu n'kusaukitsa mudzi wako womwe.

Utsogoleri nawo umayambira kusukulu. A Joyce Banda, amene anakhala mtsogoleri wa dziko mu 2012, anachoka m'banja lankhanza ali ndi ana atatu, n'kudziyambira bizinesi. Kubereka sikunawatsekere njira. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba isanalowe ufumu, ndipo itaulowa inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuimitsa mafumu ang'onoang'ono owavomereza. Mu 2019 a Catherine Gotani Hara anakhala mayi woyamba kukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Palibe mwa iwowa akanafika pamenepo sukulu ikanawathera pa sitandade 5.

Komabe lamulo palokha silifikitsa mwana m'kalasi. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Wobwerera kusukulu amafuna womulelera khanda, sekondale yoyandikira, ndi aphunzitsi osamunyoza pamaso pa anzake. Magulu a amayi oyendera atsikana osiya sukulu akuchita mbali yawo. Chotsala n'chakuti agogo, amalume ndi mafumu aleke kufunsa kuti mwamuna wake ndani, ayambe kufunsa kuti abwerera liti kusukulu.