Nyali Ziwiri za pa Furancungo

Aliyense amene anagonapo pa Furancungo m'mwezi wa Juni amadziwa mmene mphepo ya kumeneko imalumira. Dzuwa likangolowa, cisanu cimatsika m'mapiri n'kulowa m'mafupa, ndipo mlendo amene shapa yamusiya amayamba kuyang'ana kumene kukuwala nyali. Ine ndinafika pamenepo usiku wotero m'caka ca 2012, ndili ndi zaka 19, m'thumba losokera mkati mwa buluku muli ndalama zimene sizinali zanga.

Kwathu ndi ku Tsangano, kufupi ndi malire a Ntcheu, kumene timadalira kacewere. Koma amalume anga anakwatira ku Macanga ndipo amalima fodya. Caka cimeneco atagulitsa mabelo awo anandiitana, nandipatsa gawo la ndalamazo kuti ndikapereke kwa mlongo wawo, mayi anga, agule malata. Nyumba yathu inali itadontha dzinja lonse. Ndinacoka kumudzi kwawo mocedwa, ndipo pofika pa Furancungo galimoto yomaliza yopita ku Domwe ndi ku Ulongwe inali itanyamuka kale.

Amene simunaone tauniyi nyengo ya msika wa fodya, dziwani kuti usiku wake sugona. Mabaraka amakhala atandandalikana, lililonse ndi sipika yake: uku nyimbo za Lucius Banda, uku za ku Zambia, uku za Cipwitikizi, zonse zikulimbana. Pa tebulo pali 2M ndi Manica, pena Carlsberg wodutsa malire, ndipo kuseri kuli kacasu wa amene thumba lawo lapepuka. Utsi wa kanyenya umakupeza usanafike. Mumamva Cinyanja cathu, Cinyungwe ca madalaivala a ku Tete, ndi Cipwitikizi ca aphunzitsi ndi ogwira nchito za boma. Amalonda a njinga, mawailesi ndi makapulana amakhala atabwera kudzatsata ndalama, ndipo akuluakulu amawerengabe m'makontu ngakhale metikali inacotsedwa maziro atatu mu 2006.

Ndikuzungulira kufuna pogona pochipa, bambo wina anandikodola. “Mphwanga, ukuzizidwiranji panja? Lowa udzaothe.” Anandigulira botolo limodzi. Ndinali ndisanamwepo mowa wa m'botolo, ndipo ndinaona ngati ndakula tsiku lomwelo. Pa tebulo lina panali mlimi amene anali atagulitsa fodya dzulo lake. Ankagulira aliyense wolowa, anthu akumuchula bwana, iye akuseka mpaka misozi.

Mwambo wa pa baraka mukuudziwa: wakugulira, nawe um'bwezere. Botolo langa litatha, maso onse anali pa ine. Ndinacita manyazi, ndinapisa dzanja mkati mwa buluku, ndipo m'malo motulutsa pepala limodzi, mpukutu wonse unasuzumira. Phokoso silinaleke, koma ndinaona anthu awiri akuyang'anana. Acimwene aja anasendeza mpando wawo kufupi ndi wanga. Ndinagula ulendo woyamba, kenaka waciwiri.

Apo ndi pamene mayi wina wacikulire anaima pakhomo, atafunda kapulana kumutu. “Mwanangu,” anatero akundiloza, “ndakhala ndikukufuna. Tabwera undinyamulire cidebe ca madzi.” Sindinkawadziwa. Koma mawu awo anali a munthu amene sungamukanire pagulu, ndipo ndinadzuka ngati mwana wotumidwa.

Malo awo anali kutsidya kwa msewu, kacisakasa kofolera ndi udzu, kowala ndi koloboyi mmodzi. Ankagulitsa tiyi, pau ndi nsima kwa anthu a pa ulendo. Cidebe ca madzi panalibe. Anandikhazika pafupi ndi mbaula nati, “Ndalama zimenezo n'za yani?” Nditawauza, anapukusa mutu. “Ndalama za fodya zimanunkha, mwanangu. Ngakhale uzibise pati, a mphuno zakuthwa amazimva. Werenga.” Ndinawerenga manja akunjenjemera. Zinali zitapereŵera mametikali 300. Ndinalira, osati cifukwa ca zotayikazo zokha, koma poganiza zimene zikanacitika kukanaca ndili pa mpando uja.

Usiku umenewo tinagona anthu asanu pa mphasa kuzungulira moto: ine, mayi wina wopita ndi mwana kucipatala, anyamata awiri ogula nyemba, ndi gogo wobwera kumaliro. Eni malo anatifotokozera kuti pa nthawi ya nkhondo anathawira ku Dedza ndi ana awiri, ndipo usiku woyamba anagonekedwa m'khichini ndi banja limene sankalidziwa n'komwe. Anabwerera kwawo mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utakhazikika. “Ngongole imeneyo sindinaimalize,” anatero, “ndiye ndimabweza pang'onopang'ono.” M'mawa analandira za tiyi ndi pau zokha. Za malo ogona anakana.

Popita kokwerera galimoto ndinadutsa pa baraka lija. Mlimi uja anali gone pakhonde, wopanda nsapato, matumba atatembenuzika. Amene ankamucha bwana panalibe ndi mmodzi yemwe.

Cithunzi cimeneco sicinandicoke, cifukwa nchito ya fodya ndimaidziwa. Munthu amayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa amawokera, kenaka kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kupacika m'cigafa, kusankha masamba ndi kudinda mabelo. Banja lonse limagwira, mayi ndi ana omwe. Pa msika kampani imayamba yacotsa ngongole ya mbewu ndi feteleza, ndipo zotsalazo ndizo cakudya, sukulu ndi mankhwala a caka conse. Fodyayo amapita ku fakitale ya ku Tete n'kuwoloka nyanja, koma thukuta la miyezi yonseyo likhoza kuthera pa tebulo limodzi m'masiku atatu.

Komabe musandimve ngati ndikuti mabaraka atsekedwe. Ndayenda mokwanira tsopano, pa Ulongwe, pa Calomue, pa Lizulu, ndipo ndikudziwa kuti popanda malo amenewa mlendo angafe ndi mphepo ndi njala. Pa baraka ndi pamene dalaivala amapumira, pamene timamva mtengo wa feteleza ndi mmene kwacha ikusinthira, pamene uthenga wa maliro umapeza woutenga. Eni ake ambiri ndi anthu oongoka amene akulera ana ndi malondawo. Vuto ndi lakuti nyali yowala kwambiri ndiyo imayamba kuoneka, ndipo mnyamata wa kumudzi sadziwa kuti kutsidya kwa msewu kuli ina yaing'ono.

Lero ena amati nkhani ngati yangayi inatha, poti ndalama timaziika m'foni, pa M-Pesa kapena e-Mola. N'zoona kuti mpukutu susuzumiranso m'buluku. Koma baraka nalo limalandira za m'foni, ndipo manyazi okana kubweza botolo akadali omwe aja. Foni singaime pakhomo n'kukunamiza za cidebe ca madzi.

Mayi anga anagula malata, kupereŵera limodzi. Ndinawauza zoona, ndipo ndinalima ganyu m'minda ya kacewere mpaka ndinaligula ndekha. Lili kumapeto, mbali ya kukhichini, ndipo limaoneka loyera kusiyana ndi anzake. Nditabwereranso pa Furancungo patapita zaka zinayi, ndinanyamula thumba la kacewere kuti ndikathokoze, koma pamalo paja panali patamangidwa sitolo. Dzina lawo sindinafunse usiku uja. Kacewereyo ndinamusiya kwa mayi wina wogulitsa tiyi pafupi ndi pamenepo, amene anadabwa kwambiri.

Inu amene muli ndi nyumba m'mbali mwa msewu, galimoto ikafera pafupi nanu usiku, tulukani ndi nyali mukaone ngati mulibe mwana wa munthu amene wanyamula malata a mayi ake m'thumba.